Chilonda cha kumaliseche chikakana kupola: yankho kwa mayi wa ku Jali

Funso: Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 57, ndi mlimi ndipo amagulitsanso nsomba za ku Chilwa. Kwa miyezi isanu tsopano ali ndi chilonda kunsonga kwa chida chawo, pansi pa khungu. Anapita kuchipatala chaching'ono, anawabaya jakisoni n'kuwapatsa mapiritsi a matenda opatsirana pogonana, inenso ndinalandira. Koma chilondacho chikungokula ndipo chayamba kununkha. Sanachite mdulidwe, amasuta fodya, ndipo tonse awiri tili pa ma ARV. Akukana kubwerera kuchipatala, akuti akakapezeka ndi khansa akawachotsa chida chonse. Kwawo akuti analodzedwa. Kodi khansa imagwiradi pamalo amenewa? Imayamba chifukwa chiyani, ndipo ine ndingatengere?

Yankho: Amayi, ndiyamba ndi chimene sichingadikire. Abambo akufunika kukaonedwanso sabata ino, osati mukatha kukolola kapena ndalama za nsomba zikapezeka. Chilonda cha kumaliseche chimene chatha miyezi isanu, chalandira kale mankhwala a matenda opatsirana pogonana koma chikukulirakulira, ife achipatala timachitenga ngati khansa mpaka titapima n'kutsimikiza kuti si khansa. Sindikunena kuti matenda awo ndi amenewo ayi. Palibe dokotala amene angatchule nthenda ya chilonda chimene sanachione, ndipo pali matenda ena amene amaoneka chimodzimodzi, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV. Koma njira yowasiyanitsira ndi imodzi basi: munthu wodziwa aone ndi maso, agwire, ndipo adule kanyama kakang'ono pachilondapo kuti kakapimidwe.

Khansa imagwiradi pamenepo. Anthu ambiri sanaimvepo chifukwa ndi yosowa tikaiyerekeza ndi khansa ya kummero, khansa ya pakhungu ya Kaposi, kapena ya prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), zimene timakumana nazo kawirikawiri mwa amuna kuno ku Malawi. Ku Ulaya ndi ku North America imagwira mwamuna pafupifupi mmodzi mwa 100,000 pachaka, koma m'madera ena a Africa, Asia ndi South America imapezeka mochulukirapo. Komanso ndi nthenda imene mwiniwake amabisa. Amene anadwalapo sakamba pa bawo kapena pa siwa, ndiye mudzi umangokhala ngati sunaionepo.

Pafupifupi nthawi zonse imayambira pakhungu, osati mkati mwa mnofu. Malo ake ndi mutu wa chida, mkati mwa khungu lakunsonga, ndi m'mphepete muja mmene mutu umathera. Maselo a khungu la pamenepo amasokonekera, amayamba kuchulukana mosalekeza, ndipo akasiyidwa amalowerera pansi n'kudya mnofu. Sizichitika mwadzidzidzi. Nthawi zambiri khungu limakhala litasintha kwa miyezi kapena zaka chilonda chisanatseguke, ndipo ubwino wake ndi umenewo: ndi khansa imene imaoneka ndi maso ikadali yaing'ono, mosiyana ndi ya m'chiwindi kapena ya kummero imene imadziwika itakula kale.

Mwafunsa chimene chimayambitsa. Palibe chinthu chimodzi chimene tingachiloze chala, koma pali zinthu zingapo zimene zikakumana mwa munthu mmodzi chiopsezo chimakwera, ndipo m'kalata yanu mwatchulamo zambiri mwa izo.

Chachikulu kwambiri, m'kuona kwanga, ndi khungu lakunsonga lothina, limene silibwerera m'mbuyo kuti mutu uonekere. Kungokhala wosachita mdulidwe si vuto palokha. Amuna mamiliyoni ambiri padziko lapansi ali ndi khungu lawo ndipo amakalamba osadwalapo khansa imeneyi. Vuto limabwera pamene khungulo lathina moti munthu sangathe kusamba mkati. Mkodzo umatsalira, litsiro loyera lija limaunjikana, pamakhala chinyezi usana ndi usiku, ndipo khungu limatupa, kupola, kutupanso, chaka ndi chaka. Kutupa kobwerezabwereza kumeneku ndi kumene kumawononga maselo. Kale anthu ankaganiza kuti litsiro loyeralo ndilo limabala khansa. Panopa tikudziwa kuti choopsa ndi kutupa kosatha kumene kumachitika pamalo osasambika. Ndipo khungu lothinalo limachita choipa chachiwiri, limabisa. Zimakhala ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba lili bwinobwino, mukadzamasula mupeza ufa wokhawokha. Amuna ena amafika kwa ife asanaonepo mutu wa chida chawo kwa zaka, ndipo chimene chawabweretsa ndi fungo kapena magazi pa kabudula wamkati.

Pali nthenda ina ya pakhungu imene achipatala amaitcha lichen sclerosus. Khungu lakunsonga limayera, limauma, limalimba ngati chipsera, ndipo pang'onopang'ono limathina. Siyopatsirana, koma ikakhalitsa osathandizidwa imakweza chiopsezo cha khansa. Matenda a shuga nawonso amachititsa kuti mutu wa chida uzitupatupa ndi kung'aluka, mpaka khungu limene kale linkabwerera bwino n'kuyamba kukana. N'chifukwa chake mwamuna wamkulu akandiuza kuti khungu lake lathina posachedwapa, ndimamuyeza shuga ndipo ndimafuna kuona chimene chili pansi pake.

Chachiwiri ndi kachilombo ka HPV, komwe kaja kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero mwa amayi. Kali ndi mitundu yoposa 100. Mitundu ya 6 ndi 11 imabweretsa njerewere za kumaliseche, zimene zimanyansa koma kawirikawiri sizisanduka khansa. Mitundu ya 16 ndi 18 siionetsa njerewere, munthu sadziwa n'komwe kuti ali nayo, koma ndi imene imasokoneza maselo. Pa khansa ya chida cha abambo wotchuka ndi 16. Pafupifupi theka la amuna odwala khansa imeneyi amapezeka kuti HPV ndi imene inayambitsa. Kachilomboka kamafala pogonana, khungu likakhudzana ndi khungu, ndipo n'kofala moti anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina m'moyo wawo. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mwa ochepa kamakhazikika, ndipo pamatenga zaka zambiri, nthawi zina makumi a zaka, kuti khansa ioneke.

Simunafunse, koma ndikudziwa funso limene limakhala mumtima mwa mayi amene walandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana pamodzi ndi mwamuna wake. Khansa imeneyi si umboni wakuti abambo anayenda posachedwapa. Ngati HPV ilipo, mwina anaitenga ali mnyamata, musanakumane. Ndipo theka lina lija la odwala alibe HPV n'komwe. Ndanena izi chifukwa mwamuna amene akuopa mlandu kunyumba amabisa chilonda nthawi yaitali kuposa amene akungoopa chipatala.

HIV imalowa pamenepa. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, thupi limalephera kuchotsa HPV ndiponso kupha maselo osokonekera akadali ochepa, motero amuna amene ali ndi HIV amadwala khansa imeneyi kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo ena imawagwira akadali a zaka za m'ma 30 kapena 40, pamene mwa ena onse imakonda opitirira zaka 50. Ma ARV amathandiza kwambiri, ndipo abambo asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Koma ma ARV sabweza zimene zinawonongeka pa nthawi imene chitetezo chinali chotsika, munthu asanayambe mankhwala. Choncho viral load yabwino, kutanthauza kuchepa kwa HIV m'magazi akayeza, isakunyengeni kuti chilondacho n'chosaopsa.

Fodya ndi china. Anthu amadabwa kuti utsi wolowa pakamwa ungafike bwanji kumaliseche. Poizoni wa mu fodya amalowa m'magazi n'kuzungulira thupi lonse, amawononga maselo, ndipo amafooketsa khungu polimbana ndi HPV. Ndudu ya m'sitolo, chingambwe chopichira pa pepala, fodya wamphuno kapena wotafuna, palibe wabwino. Wosuta amene alinso ndi HPV ndiye chiopsezo chake chimakwera kuposa.

Za mdulidwe ndinenepo mosamala, chifukwa kuno ku Zomba tili osakanikirana, ena anapita ku jando ali ana, ena anachitira kuchipatala atakula, ena sanachite. Mdulidwe wochitika munthu ali khanda kapena ali mwana umateteza kwambiri ku khansa imeneyi, makamaka chifukwa vuto la khungu lothina silikhalaponso. Wochita munthu atakula chitetezo chake pa khansa ndi chocheperapo, komabe phindu lilipo. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa mu 2005, ndi wa ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007, anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi, ndipo wa ku Rakai anaonetsanso kuti HPV yoopsa ija imapezeka mocheperapo mwa odulidwa. Koma wodulidwa asadzione ngati wathawa. Pali ena amene ku jando anangochotsedwa kachigawo, khungu lambiri linatsala, ndipo ngakhale wodulidwa bwinobwino akhoza kudwala. Kwa amuna anu, mdulidwe panopa si nkhani yopewera. Ngati udzachitike, udzakhala mbali ya kupima kapena ya chithandizo, ndipo adzasankha ndi dokotala amene waona chilondacho.

Popeza abambo amayenda ku Chilwa, wina angakuuzeni kuti ndi likodzo. Likodzo limachititsa kukodza magazi, limatha kubweretsa zilonda m'njira za kumaliseche, ndipo likakhalitsa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Imeneyo ndi khansa ina, ya mkati. Kuyezetsa mkodzo n'kwabwino, koma mapiritsi a likodzo asalowe m'malo mwa kupimitsa chilondacho.

Tsopano zizindikiro. Chimene chimasocheretsa amuna ambiri n'chakuti poyamba sipapweteka. Tinazolowera kuti choopsa chimapweteka, ndiye munthu akaona kachilonda kosapweteka amati n'kukhuzika ndi njinga, kapena zipi inamutsina. Ululu umabwera mochedwa, pamene mafinya alowa kapena khansa yafika pa mitsempha.

Koyambirira kwenikweni sipakhala ngakhale chilonda. Pamutu kapena mkati mwa khungu pamaoneka banga lofiira, losalala, lonyowa, limene silichoka ngakhale mudzole mankhwala. Kwa ena ndi banga loyera lokhuthala, kapena malo amene khungu lada kuposa pozungulira. Kenako pamamera kachotupa kolimba, kapena chotupa chokhakhala chooneka ngati njerewere zambiri zounjikana pamodzi, kapena chilonda chokumbika cha m'mphepete molimba ndi motukuka. Chikakhudzidwa chimatuluka magazi msanga, posamba kapena pogonana. Ndiye pamabwera madzi kapena mafinya onunkha ochokera pansi pa khungu, fungo losamva sopo. Kwa amene khungu lawo silibwerera, chizindikiro chokha chimakhala fungolo, timagazi, kutupa kwa nsonga, kapena kanthu kolimba kamene kamamveka ukagwira pamwamba pa khungu.

Kodi munthu angasiyanitse bwanji ndi matenda opatsirana pogonana amene timawadziwa? Kwenikweni ndi nthawi imene imasiyanitsa. Chilonda choyamba cha chindoko sichipweteka, koma chimapola chokha pakatha masabata 3 mpaka 6 ngakhale munthu asalandire mankhwala, nthendayo n'kutsala m'magazi. Herpes imayamba ndi timatuza topweteka, timaphulika, timapola pakatha masabata awiri kapena atatu, kenako timadzabweranso nthawi ina. Mabomu amabwera ndi kutupa m'mphechepeche, ndipo amamva mankhwala. Onsewa, akalandira chithandizo choyenera, kusintha kumaoneka pasanathe sabata imodzi kapena awiri. Khansa siichita zimenezo. Mankhwala angachepetse fungo ndi mafinya kwa masiku angapo, chifukwa apha tizilombo timene tinalowa pachilondapo, munthu n'kumati ndayamba kuchira, koma chilonda chenichenicho chimakhala pomwepo, chikukula.

Amene anawabaya jakisoni poyamba paja sanalakwe. Zilonda zambiri za kumaliseche zimene timaona zimakhala za matenda opatsirana pogonana, ndipo ndondomeko yake ndi kupereka mankhwala tsiku lomwelo n'kuuza wodwala kuti adzabwerenso kuti tione ngati chapola. Unyolo umaduka pa ulendo wachiwiriwo. Munthu sabwerera, kapena amapita kuchipatala china kumene sakumudziwa n'kuyambanso nkhani ngati yatsopano, amabayidwanso jakisoni yemweyo, kenako amakagula makapisozi kumsika. Miyezi imatha choncho. Lamulo limene ndimauza aliyense ndi ili: chilonda, chotupa kapena banga la pachida limene latha masabata anayi osapola, kapena limene lakana mankhwala ulendo umodzi, lisalandirenso mankhwala ongoyerekeza lisanapimidwe.

Ndinati pali matenda ena amene angaoneke chimodzimodzi. Mwa munthu amene chitetezo chake chatsika, herpes imatha kukhala chilonda chachikulu chosapola kwa miyezi, ndipo imachira ndi mapiritsi oyenera. Njerewere zimatha kukula modabwitsa. Kaposi imatha kumera pamenepo ngati mabanga kapena totupa takuda. Ngakhale TB, mwa apo ndi apo, imachita chilonda kumaliseche. Izi ndi zifukwa zopitira, osati zokhalira, chifukwa chilichonse mwa izo chili ndi mankhwala ake osiyana ndi a chinzake.

Chinthu chimodzi chimene mungachite madzulo ano: afunseni abambo agwire m'mphechepeche, mbali zonse ziwiri, amve ngati muli anabere. Khansa imeneyi ikachoka pachida imayamba kufika kumeneko isanapite kwina kulikonse. Mwanabere wotupa nthawi zina amangokhala wa mafinya a pachilondacho, ndipo oterowo amakonda kupweteka. Wolimba, wosapweteka, wosasuntha, amene akukula m'malo mophwa, ndi amene amatidetsa nkhawa. Asafinyidwe, asatemedwe mphini, asaboolidwe. Kusapezeka kwa mwanabere sikutanthauza kuti ulendo walephereka. Kumangotanthauza kuti mwina tikadali m'nthawi yabwino.

Ndifike pa mantha a abambo, chifukwa ndi amene atseka njira. Mantha amenewo si achibwana, ndipo sindingawanamize kuti opaleshoni yochotsa chida kulibe. Ilipo. Koma kukula kwa opaleshoni kumatsatira kukula kwa chotupa. Khansa ikakhala pamwamba pa khungu pokha, pali mankhwala odzola opangidwira zimenezo, kapena dokotala amangochotsa kachigawo kodwalako. Ikakhala pa khungu lakunsonga lokha, mdulidwe wokha umatha kuichotsa yonse. Ikalowa pamutu, amachotsa mbali ya mutu kapena mutu wonse n'kusiya thunthu. Ikalowerera, amadula chigawo, ndipo amayesetsa kusiya chokwanira kuti munthu azikodza ataimirira. Ambiri mwa oterewa amathanso kukhala malo amodzi ndi akazi awo. Kuchotsa chonse kumachitika pamene chotupa chadya mpaka kutsinde, ndipo apo amatsegula njira ina ya mkodzo kunsi, munthu n'kumakodza atakhala pansi. Ndiye auzeni abambo mosapsatira kuti chimene akuchiopacho chimayandikira mwezi uliwonse umene akhala kunyumba. Madokotala a opaleshoni nawonso safuna kuchotsa chimene angathe kuchisiya, ndipo palibe amene angawachite opaleshoni iwo asanauzidwe zonse n'kuvomera okha. Kukapimitsa si kusayina kuti adulidwe.

Palinso nkhani ya moyo weniweniwo. Ku America, kumene amasunga bwino ziwerengero za odwala khansa, amuna pafupifupi 8 mwa 10 amene khansa yawo yapezeka isanachoke pachida amakhala ali moyo patatha zaka 5. Ikafika ku ziwalo zakutali monga mapapo, amatsala pafupifupi mmodzi mwa 10. Kusiyana konseko kumachitika m'miyezi imene munthu akudikira kuti aone ngati chipole chokha.

Za kulodzedwa sinditsutsana ndi apongozi anu, ndipo inunso musataye mphamvu pa mkangano umenewo. Chimene ndikupempha n'chakuti pachilondapo pasaikidwe kanthu. Mankhwala a zitsamba owotcha, phulusa, mapiritsi osinja, mafuta a m'machubu ogula kumsika, zonsezi zimawonjezera mafinya, zimawotcha khungu labwino lozungulira, ndipo zina zimachepetsa kufiira kwa masiku ochepa n'kutipusitsa tonse. Ofuna kupemphera apemphere, koma munthu ali pa mzere wa kuchipatala.

Inuyo simungatengere khansa. Siidumpha kuchoka kwa munthu kupita kwa wina, kaya pogonana, pochapa zovala zawo kapena potsuka chilonda. Chimene chimapatsirana ndi HPV, ndipo pa zaka zimene mwakhala limodzi, ngati ilipo ndiye kuti munagawana kalekale. Choyenera kuchita si kusamuka kuchipinda, koma kukayezetsa khomo la chiberekero. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyo yachuluka kwambiri padziko lonse, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake chimachuluka kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo akapeza malo amene ayamba kusintha amathandiza asanasanduke khansa. Funsani komwe mumalandirira ma ARV. Pakadali pano, pamene chilondacho chili chotseguka, ndi bwino kuti mudikire kaye zogonana mpaka dokotala ataona.

Ngati muli ndi ana aakazi kapena zidzukulu, katemera wa HPV asawaphonye. Zomba ndi Rumphi ndi maboma amene katemerayu anayambira mu 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mayiko ena, monga Australia ndi Britain, amabayanso anyamata. Ana anu aamuna auzidwe ndi bambo awo kapena amalume awo zinthu zosavuta: kubweza khungu posamba tsiku lililonse, kutsuka ndi madzi, kupukuta, kulibwezeretsa m'malo mwake, ndipo ngati silibwerera, kupita kuchipatala osachita manyazi.

Nanga muwanyengerera bwanji? Musayambe ndi mawu akuti khansa. Yambani ndi chimene iwo akuchidziwa kale, kuti mankhwala aja sanagwire ndipo pafunika kudziwa chifukwa chake kuti apeze oyenera. Muziwauza muli awiri, osati pamaso pa ana kapena achibale. Nkhaniyi ikafika pa bwalo la ankhoswe mwamuna amauma mutu. Ngati pali mchimwene wawo kapena mnzawo amene amamumvera, ndipo iwo avomera kuti adziwe, ameneyo akhoza kuwaperekeza. Ali ndi ufulu wopempha kuonedwa ndi dokotala wamwamuna, m'chipinda chotseka. Khomo lapafupi ndi komwe mumatengera ma ARV, chifukwa akukudziwani kale, koma musadikire deti yotengera mankhwala ngati ili kutali. Masiku ano ambiri amapatsidwa a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo chilondachi sichingadikire mpaka pamenepo.

Akalowa, anene zinthu zitatu asanafunsidwe: chilonda chatha miyezi isanu, ndinalandira kale mankhwala a matenda opatsirana pogonana, chikukula. Atenge kabuku ka kuchipatala kamene munalembedwa jakisoni uja. Ndipo avule, aonetse. Zikumveka ngati zosafunika kunena, koma amuna ambiri amangoti ndili ndi vuto kumusi, n'kutuluka ndi mapiritsi popanda amene waona. Apemphe kalata yowatumiza ku Zomba Central Hospital, kwa madokotala a opaleshoni. Kumeneko adzaona chilondacho, adzagwira m'mphechepeche, ndipo adzachita biopsy: amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amadula kanyama kochepa, amasoka ngati pakufunika, ndipo nthawi zambiri munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ngati khungu lathina moti chilonda sichikuoneka, amayamba alitsegula kapena kulichotsa. Mwina mudzamva anthu akunena kuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira. Biopsy siifalitsa khansa. Mbiri imeneyo inabuka chifukwa ambiri amapimidwa nthenda itafalikira kale. Ngati patafunika chithandizo chimene sichipezeka pafupi, adzakutumizani okha ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Podikira tsikulo, azitsuka ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere pang'ono, apukute ndi nsalu yoyera, avale kabudula wamkati wosathina. Asakakamize khungu kubwerera m'mbuyo. Likabwerera n'kukanirira kumbuyo kwa mutu, mutu n'kuyamba kutupa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku. Chimodzimodzi ngati mkodzo watsekeka, magazi akutuluka osaleka, kapena thupi latentha kwambiri ndi kunjenjemera. Fodya asiye panopa, chifukwa bala la wosuta limachedwa kupola pambuyo pa opaleshoni.

Zotsatira za biopsy zimatenga masabata, ndipo apa ndi pamene ena amasowanso, makamaka ngati fungo lachepa ndi mankhwala amene apatsidwa. Musachoke musanafunse kuti mudzabwere liti, ku chipinda chiti, ndipo mudzafunse ndani. Zilembedwe m'kabuku, ndipo musiye nambala ya foni imene imayankhidwa.